Mbewa zanga ndi nkhandwe ya ku Erdington

Mpaka lero, pamsewu umene tinkakhala ku Erdington pali mzungu amene sandipatsa moni. Ine sindidandaula.

Chinali chaka changa chachiwiri pa unesi kuno. Mnzanga wa kutchalitchi pochokera kuholide anandibweretsera mbewa zowamba makumi awiri, zochokera kwa amayi anga ku Dedza (mmene anadutsira nazo pabwalo la ndege musandifunse). Zinafika zitachita chinyezi, ndiye Loweruka dzuwa litawala ndinaziyanika pathireyi kuseri kwa nyumba, ine n'kukhala pakhomo kulondera.

Posakhalitsa kabawi anatera pampanda. Ndisanadzuke, aneba anga a Colin, bambo wachikulire amene ntchito yake inali kujambula mbalame, anasuzumira ali ndi kamera m'manja.

"Musagwedezeke," ananong'ona. "Mbalame imeneyi ndaidikira miyezi itatu. Kani mumaziikira chakudya? Muli ndi mtima wabwino."

Ndikanayankha chiyani? Nesi wathunthu, n'kuuza mzungu kuti izi ndi ndiwo? Manyazi anandigwira, ndinangomwetulira. Kabawi anatsika, n'kunyamula yonona kwambiri ija.

Kenako, masanasana, nkhandwe inatulukira pansi pa mpanda.

"Ameneyo ndi Rosie," anatero a Colin. "Ali ndi ana atatu."

Nkhandwe yokhala ndi dzina (kwathu ikangolira anthu amati malodza). Inafika pathireyi mosafulumira ngati yaitanidwa. Inameza yoyamba. Yachiwiri. Ine kumwetulirabe, mtima ukuwawa. Itafika pa yachisanu ndi chitatu ndinaona m'maganizo amayi anga, ndi maso awo ovuta aja, atawerama mu utsi kuwambira mwana wawo wakutali. Manyazi anathera pomwepo.

Ndinavula patapata n'kuponya. Dzanja limene linkathothola mango ku Linthipe silinaiwale ntchito. Anakagwa pambuyo penipeni pa Rosie, ndipo nkhandweyo inachoka osatsazika.

"Izi ndi ndiwo zanga," ndinatero m'Chingerezi chomveka bwino.

A Colin anatsitsa kamera. "Mumadya... zimenezo?"

"Ndi mchere ndi tsabola."

Analowa m'nyumba n'kutseka makatani.

Amuna anga atamva anagwira mutu. "Amake Tadala, mwatiembarasa street yonse." Koma pa khumi ndi imodzi zimene ndinapulumutsa, iwo anadya zisanu ndi ziwiri.

Ndinalakwitsa, ndikuvomera. Patapata uja ndikanayambira pa kabawi.