Mudzi Womwe Unalira Mopitirira Muyezo

M'dziko lina lomwe sitilitchula dzina poopa kudana ndi anansi, munali mudzi womwe kwa zaka zambirimbiri unkasenza munthu mmodzi pamutu: Olemekezeka a Wiskoti Kamphulusa, Wapampando Wamuyaya wa Makomiti Onse a Chitukuko Chomwe Chikubwera. Komiti ya sukulu inali yawo, ya mjigo yawo, ya mlatho yawonso, ngakhale mlathowo panalibe anauonapo ndi maso. Simenti ikafika m'mudzimo inkamera miyendo, ndipo wofunsa komwe yalowera ankauzidwa kuti alibe mwambo.

Atakalamba, a Kamphulusa anatopa ndi fumbi lomwe iwo omwe analisamalira bwino chotere. Anakwera ndege kupita kudziko lina lakutali ndi viza ya mlendo wodzaona malo. Malo anawaonadi: misewu yopanda maenje, chipatala chokhala ndi mankhwala. Mtima unakana kubwerera. Viza itatsala pang'ono kutha, anavala suti n'kupita ku ofesi yoona za alendo kukapempha chilolezo chokhala komweko ngati munthu wopuma pantchito, mpaka Ambuye adzawaitane.

Mayi wa mu ofesimo anawapatsa mpando, kenako anawafotokozera lamulo la dzikolo.

"Kuno, bambo, wachikulire timamulandira pokhapokha ngati kwawo akumusowa. Munthu amene abale ake akuvina chifukwa wachoka, ife sitimufuna. Ndipita ndekha kumudzi kwanu ndikaone."

A Kamphulusa anatuluka thukuta m'dziko lozizira. Tsiku lomwelo anaimbira foni mayi Nabiyeni, mtsogoleri wa amayi oimba pamaliro, omwe zaka zonsezi a Kamphulusawo sanawapatsepo ngakhale moni.

"Mayi, ndithandizeni. Mukapanda kundilira, andibweza."

"Akubwezani kuti, bwana?"

"Kumeneko."

"Musade nkhawa, bwana. Tikulirani mpaka mukhute."

Chiyambire, mudziwo sunagwirizanepo ngati sabata imeneyo. Mipingo yomwe inkanenana za kumoto inakhala pamphasa imodzi kuseri kwa sukulu, kuphunzira kulira. Mayi Nabiyeni anagawa ntchito: awa oyambitsa, awa odzigwetsa, awa ogwira odzigwetsawo. Abambo anaphunzitsidwa kugwira kumutu, anyamata a kabaza kufwenthera. Aphunzitsi aakulu a pasukulupo anayesa kuchenjeza.

"Bwanji tingolira pang'ono, mwaulemu? Alendo awa sanazolowere."

"Aphunzitsi, kuno sitilira mwatheka," anatero mayi Nabiyeni. "Mukufuna akatiseke kwawo kuti mudzi uno sudziwa kulira?"

Ndipo kunena zoona, pa nkhani yolira mudziwo unali ndi mbiri yoti uiteteze.

Galimoto ya mayi wa ku ofesi uja itangokhota pamsewu waukulu, chiliro chinabuka. Amayi anadzigwetsa m'fumbi akufuula kuti, "Bambo athu, mwatisiya ndi yani!" Kwaya inagwira nyimbo yomwe imasungidwira maliro a abusa okha. Aphunzitsi aakulu aja, omwe ankafuna zaulemu, anakomoka. Atatsegula diso n'kuona kuti mlendo akuyang'ana kwina, anakomokanso.

Mlendoyo anayandikira mayi Nabiyeni.

"Nanga popanda iwo mukukhala bwanji?"

"Sitikukhala, mayi. Chichokereni iwo ana sakudya, nkhuku zasiya kuikira. Tikungodikira tsiku lathu."

Mayi wachilendoyo anatulutsa kampango n'kulira nawo. Anajambula zonse pafoni, anagwira aliyense chanza, n'kunyamuka. Fumbi la galimoto lisanatsike, mbuzi inali itagona kale ndipo ng'oma zinali pamoto. Anthu anavina mpaka miyendo kuwawa, akuyamikirana kuti ntchito agwira.

Kudziko lakutali kuja, mayiyo anaitanitsa a Kamphulusa n'kuwagwira manja onse awiri.

"Bambo, ndayenda midzi yambiri, koma chikondi chotere sindinachionepo. Dziko lathu silingalande anthu ovutika chonchi bambo wawo. Lingakhale tchimo."

Anawaperekeza kubwalo la ndege ndi maluwa, n'kuwaikira pafoni kanema wa chiliro chija.

A Kamphulusa anafika m'mudzimo pa kabaza, sutikesi pamiyendo. Anthu anasonkhana mwakachetechete, wina akuyang'ana mnzake. Chomvetsa chisoni n'chakuti mkuluyo anali ataonera kanema uja njira yonse, ndipo penapake mumlengalenga anaiwala kuti chilirocho anachita kuitanitsa yekha. Anatsika maso ali ofiira.

"Abale anga, sindinkadziwa kuti mumandikonda chotere. Ndinalakwa kupuma pantchito. Sindidzakusiyaninso mpaka imfa. Mawa makomiti onse akumane kunyumba kwanga."

Mayi Nabiyeni anakhala pansi pang'onopang'ono n'kuyambitsa. Mudzi wonse unalandira, ndipo ulendo uno panalibe wofunika kumuuza nthawi yodzigwetsa.