Tsiku Limene Tadala Anagwira Botolo la Sipiriti

Amene mumati ine bambo ake a Tadala ndine wamantha chifukwa madzi akumwa ndimawiritsa kawiri, khalani pansi mumve. Ndikulumbira, ku Lirangwe kuno palibe munthu anathamangapo ngati ine.

Mkazi wanga atabereka mwana wachiwiri, ndinakapempha kwa wometa tsitsi wa pamsika sipiriti uja wapepo amapukutira mashini, kuti tizitsukira pamchombo pa khandalo. Anandithirira m'kabotolo ka juwisi. Ku sekondale tinaphunzira kuti sipiriti ndi mowa womwe amauthira poizoni dala kuti anthu asamwe, ndipo ukapanda kukupha umakusiya wakhungu. Ndiye m'mawa wina ndikutuluka kubafa, ndangoona Tadala, mwana wanga wazaka zitatu, wagwira kabotolo kaja, mulibe kanthu, milomo yonse ili pepo.

Mukumva? Ndinamunyamula n'kuliyatsa liwiro moti chipatala chapafupi ndinachipitirira osachiona, mtsinje wa Lunzu ndinaulumpha osanyowa ndi chala chomwe, minibasi zitatu ndinazidutsa mpaka makondakitala anayamba kundiitanira anthu okwera, thaulo limene linali m'chiuno linauma n'kuyamba kufuka utsi, ndipo pa Chileka ndege imene inkathamanga kuti inyamuke inaima n'kundipatsa njira, woyendetsa atatulutsa mutu pawindo kufunsa ngati ndikupita ku Joni kuti anditsatire. Mthunzi wanga unafika madzulo, uli wefuwefu. Mukuseka chiyani?

Pa chipatala cha kumeneko namwino ananunkhiza mwana m'kamwa, anamuyang'ana m'maso, n'kumufunsa chimene wadya. Tadala anapisa dzanja m'thumba la diresi n'kutulutsa tizipatso takuda.

"Bambo, khalani pansi," anatero namwino. "Awa ndi mabulosi."

Namwinoyo anaimbira foni mkazi wanga, yemwe anati sipiritiyo anathira yense pambaula chifukwa makala anali onyowa, botolo n'kutaya kudzala, kumene mwanayo anakalitola. Ndinakhala pabenchi n'kulira, Tadala akundipukuta misozi ndi manja ake a mabulosi. Maso ake ndi abwinobwino mpaka lero, amaona ndi masiwiti amene ndabisa.

Koma poti akazi anga akubwera apo, ndinene ndekha asanandiulule. Kuchipatalako tinapita pa njinga yamoto ya aneba, ndipo njira yonse ndinkawapempha kuti achepetse liwiro, angatigwetse ndi mwana.