A Sitampa ndi Kalata Yopanda Mwini

A Sitampa, mzimu wawo uuse mumtendere, ankatha kukhululukira wakuba, woledzera, ngakhale galu wowatafunira nsapato. Chimene sankakhululukira ndi kalata yopanda dzina la wotumiza ndi tsiku. Moyo wawo wonse anagwira ntchito ku positi, kusankha makalata ndi kudinda zidindo, n'chifukwa chake tinkawatcha a Sitampa. Ndiye atangopuma pa ntchito, tsoka ilo, anakapeza kalata yotero m'Chipangano Chatsopano. Yaitali, yokoma, yodzaza nkhani za ansembe, nsembe ndi chikhulupiriro, koma pamwamba pake palibe "ine uje," palibe chaka. Bambowo tulo anatsanzikana nato.

"Zaka zonsezi ikuyenda m'manja mwa anthu, palibe wofunsa?" ankatero akumenya chikuto cha buku. "Ikanafika pa tebulo langa imeneyi, ikanabwerera!"

"Ikanabwerera kwa ndani, poti mwini wake simukumudziwa?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Ndiye vuto lakelo, mayi!"

Abusa athu anaona zakuda. Akangoti, "Mtumwi akutiuza kuti," mkono wa a Sitampa uli m'mwamba kale: "Mtumwi wake uti, abusa?" Mapeto ake abusa anazolowera kunena kuti "wolembayo, kaya ndi ndani," diso lili ku benchi ya nkhalambayo. Pa ukwati wa mwana wa mlongo wawo, a Sitampa anapatsidwa mpata woti athokoze alendo. Anathokoza mwachidule, kenaka anati, "Poti tasonkhana chonchi, pali nkhani ina." Chakudya chinazizira, mkwatibwi anayamba kuwodzera, mpaka woimba nyimbo anachita kuwazimira maikolofoni. Iwo sanazindikire n'komwe, anapitiriza.

Anali ndi anthu owakayikira ngati wapolisi. Nthawi ya mvula ankati analemba ndi mlaliki wina wa pakamwa pokoma wa masiku a atumwi. Mvula ikatha ankamumasula ameneyo n'kugwira dokotala uja woyenda ndi atumwi. Ankatinso Chigiriki cha kalatayo n'chosalala kwambiri, pomwe Chigirikicho ankachidziwa monga ine ndidziwira kuyendetsa ndege.

Ine ndine telala, shopu yanga ili kutsogolo kwa nyumba, ndipo nkhondo yonse inkachitikira pakhonde panga. Chifukwatu mdani wawo wamkulu anali amuna anga: dalaivala wa basi, mkulu wa mpingo, munthu wa mawu ngati hutala. Kwa amuna angawo nkhani inali yachidule. Analemba ndi mtumwi wamkulu uja wosoka mahema, basi, wotsutsa akaonane ndi dokotala.

"Akulu ampingo," ankayamba a Sitampa, "wosoka mahema uja amaika dzina lake patsogolo pa kalata iliyonse, ngati mayi wolemba dzina pa ndowa yake. Apa waiwala bwanji?"

"Anadzichepetsa!"

"Iyeyo? Nanga bwanji wolembayu akuti uthenga anachita kuumva kwa ena amene anamva Ambuye? Mtumwi wanu uja ankakanitsitsa kuti sanaphunzitsidwe ndi munthu."

"Inu mwakalamba ndi kunyambita masitampa, guluu anakulowani m'mutu!"

Makasitomala anga ankabwerera pa geti, kuganiza kuti pali ndewu. Ndinkawapirikitsa onse awiri ndi tsache ngati nkhuku, koma mawa lake uwapeza ali pomwepo, wina akumwa tiyi wa mnzake.

Kenaka m'mawa wina amuna anga anagwa akumanga nsapato. Sitiroko. Anatuluka m'chipatala mbali imodzi itafooka, pakamwa patapotoka. Adokotala anandiuza mosabisa kuti lilime ndi mwendo zikhoza kubwerera, pokhapokha akamazigwiritsa ntchito. Akazisiya, zigona mpaka kalekale. Bambo a ana anga anayesa kamodzi kundiitana, mawu anatuluka opindika, mlendo wina amene analipo anati, "Mayo ine, achisoni!" Basi, anatembenukira kukhoma, pakamwa n'kutseka. Ndinanyengerera, ndinakalipa, ndinalira. Zii. Ndinkaopa, anzanga. Ndinkaopa kuti mawu a mwamuna wanga sindidzawamvanso.

Odzazonda ankalowa monyang'ama, n'kumawayankhula ngati khanda. A Sitampa analowa ngati mphepo yamkuntho. Pepani sanamutchule. Anakoka mpando wanga wa pa mashini, n'kukhala pafupi ndi bedi.

"Akulu ampingo, mwachita bwino kukhala chete. Kukhala chete n'kuvomera. Ndauza kale anthu kuti mwagonja."

Ndinawakokera kukhitchini. "A Sitampa, mulibe chisoni? Munthu akudwala!"

"Makutu akudwalanso?"

"Ayi."

"Ndiye tipatseni tiyi."

Ankabwera tsiku ndi tsiku, kulalikira msana wa munthu. Ine mtima unkawira, ndipo ndinali nditakonzeka kuwatsekera chitseko. Ndiye tsiku lina ndikudula nsalu ndinawamva akuti, "Ndaganiza mofatsa. Wosoka mahema uja sakanatha kulemba kalata yokoma chonchi. Inamuposa nzeru. Iyeyo mwina anangosoka chikwama choinyamulira."

Bedi linalira. Ndinasuzumira, ndipo ndinaona amuna anga atatembenuka, maso ali psuu.

"Bo... bodza!"

Sizasi inagwa m'manja mwanga. A Sitampa anaika dzanja kukhutu. "Mwati chiyani? Ndakalamba ine, zonong'ona sindimva."

"BODZA!"

Mpaka woyandikana nafe anatulukira pa mpanda kufunsa ngati kuli bwino. Ine ndinangokhala pansi pakati pa zidutswa za nsalu, kulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Lilime litayamba kumasuka, a Sitampa anatembenukira ku mwendo, ndipo anautengera pa nkhani ya chaka. Anabwera akuti kalatayo inalembedwa mochedwa, kachisi wamkulu wa m'Baibulo uja atagwetsedwa kale, mtumwi wa amuna anga ali m'manda. Komatu chaka chimodzi m'mbuyomo ndi iwo omwe ankakuwa pakhonde panga kuti inalembedwa kachisi akadali chiimire!

Amuna anga anatuluka thukuta. "A-nse-mbe," anatero movutikira, "aku... kupereka... nsembe." Ankatanthauza kuti wolembayo amanena za ansembe ngati akadali pa ntchito, ndiye kuti kachisi anali asanagwe.

"Pati pamenepo? Tandionetsani."

Buku anali ataliika dala pa tebulo langa lodulira nsalu, kunja kwa chipinda. Nditati ndikalitenge, ananditchinga ndi chipewa. "Mayi, mboni ibwere ndi umboni wake yokha."

Bambo a ana anga anagwira ndodo. Anadzuka, anagwera pa bedi, anadzukanso. Anakwakwaza mwendo uja pang'onopang'ono, akutulutsa mawu ena oti mkulu wa mpingo sayenera kuwadziwa, ndipo amenewo ankatuluka osapindika n'pang'ono pomwe. Anafika, anatsegula ndi dzanja limodzi, n'kuloza ndi chala. A Sitampa anavala magalasi, anawerenga, anagwedeza mutu. "Mwina. Koma mawa ndibwera ndi yankho." Mawa lake buku linali pakhonde. Posakhalitsa linali pa geti.

Tsiku lina ndikuwaperekeza ndinawafunsa. "A Sitampa, tanenani zoona. Inuyo mumati analemba ndani?"

Anaima, n'kukanda m'mutu. "Mayi, sindidziwa. Ndipo ndikuona kuti ndidzafa ndisanadziwe. Koma wolandira ndamudziwa. Inalembedwera anthu otopa, amene manja alefuka, ofuna kungosiya zonse. Ine ntchito yanga inali kufikitsa makalata. Iyi adiresi yake ndi chipinda chanu chija." Anayenda pang'ono, n'kutembenuka. "Koma musawauze, angasiye kukwiya."

Anatisiya nyengo yozizira yapitayi. Anapita mwakachetechete, chinthu chimene sanachitepo ali moyo. Amuna anga anayenda okha ndi ndodo mpaka kumanda, ndipo anapempha kuti ayankhule. Anaimirira pamaso pa anthu onse, osachita manyazi ndi pakamwa pawo, n'kunena kuti, "Munthu uyu... anali wolakwa... pa zonse. Ndimusowa." Anthu anaseka misozi ili mbwembwembwe.

Pakhonde panga pali zii tsopano. Makasitomala amalowa mosaopa, mashini ndimaimva bwino, koma chete ameneyu ndimadana naye. Amuna anga anayesa kuputa anthu ena. Wogulitsa makala akamadutsa ankamuuza kuti, "Analemba... ndi mtumwi." Iye, "Indedi, bambo." Abusa, "Mwanena zoona, akulu ampingo." Aliyense ulemu, aliyense chifundo, palibe wowatsutsa. Mawu anayamba kuchepa. Lero ochepa, mawa ochepetsetsa, mpaka masana ena ndinawapeza ali chigonere, nkhope ili kukhoma. Mantha aja anandibwerera onse.

Ndinaimitsa mashini, ndinaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo a ana, kalata yanu ija ndaiwerenga. Analemba ndi mkazi."

Ndinasendera pafupi ndi bedi n'kupitiriza.

"N'chifukwa chake palibe dzina. Amuna inu munalifufuta. Ndani wina angachenjeze munthu, kumukalipira, kumunyengerera, n'kumaliza ndi kumukumbutsa za kulandira bwino alendo? Ndi mayi ameneyo, ndipo ndikukhulupirira kuti ankalemba mphika uli pamoto."

Anatembenuka pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana ngati ndaba nkhuku ya abusa.

"Mayi a ana... inunso?"

"Inenso. Ngati muli ndi mawu, nenani."

Anali nawo, abale! Madiresi a anthu sanasokedwe tsiku limenelo. Anandizazira mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pakati pa mkangano anaima, anapukuta maso, n'kunena kuti, "Iye uja... akanakhala mbali yanu... kungofuna kundipsetsa mtima."

Za chaka sindizidziwa, za kachisi ndimangomvera pomwepo, koma mfundo ndimazikonza ndikusoka, ndipo m'mawa uliwonse ndimadzuka ndi yatsopano. A Sitampa, zikomo, zikomo kwambiri. Koma mwandisiyira ntchito yolemetsa. Munthu uyu satopa kukangana, ndipo ine ndimapempha Mulungu kuti asadzatope.