Majini a M'mitengo ya Koko

Nzeru inabwera pa botolo lachinayi. Pulofesa, yemwe anapata dzinali chifukwa chosesapo miyezi iwiri pamalo ofufuzira mbewu, anakokera anzake awiri, Mpandamano ndi Chimkono, pafupi.

"Magaye, pamalo paja pali mbande za koko, wopangira chokoleti uja, zosafota ndi dzuwa. Alimi akhoza kuzilimbirana ngati mafupa. Tikalowe masana, madokotala a mbewu akamadya."

"Alonda bwanji?" anafunsa Mpandamano.

"Iwe mano ulibe, nzerunso ulibe? Tivala makhoti oyera."

Mawa lake atatuwo analowadi m'nyumba yagalasi, khoti la Chimkono litang'ambika kale kumsana. Akulongedza mbande m'thumba, chitseko chinangoti khwe! Onse gwa, kubisala kuseri kwa miphika.

Panja panamveka mawu a mayi wina, mmodzi wa madokotala aja, akuuza mnzake: "Ndakhoma. Kweza kutentha, pakatha mphindi khumi majini onse akhala atadzuka."

Mpandamano anayang'ana Pulofesa. "Bigi, akuti chani adzuka?"

Pulofesa mawuwa ankawamva akusesa, koma sanafunsepo, poopa kuoneka mbuli. Lero kunena kuti sindikudziwa kukanamuvula upulofesa pamaso pa anthu ake.

"Majini enieni," ananong'ona. "Mtengo uliwonse uli ndi ake. Mumati umapirira dzuwa ndi chiyani?"

Thukuta linayamba kamukamu. Koko ali njo, wobiriwira, abambo atatu akufota ngati masamba ofutsa. Kenako makina opemerera mpweya analira, masamba onse n'kuyamba kugwedezeka.

"Adzuka!" anakuwa Chimkono, chimunthu chonyamula injini chokha, n'kudziponya pagalasi. "Tsegulani! Ndife mbava! Zenizeni!"

Dokotala uja anatsegula, nawapeza atagwada, Mpandamano akubweza mbande imodziimodzi uku akuipepesa: "Pepani agogo, anatituma ndi awa."

Mayiyo anaseka mpaka kukhala pansi. "Abambo inu! Majini ndi timalangizo tobadwa nato, tili m'thupi la chamoyo chilichonse. Kukatentha, ena mwa iwo amauza mtengo kuti upange mapuloteni outeteza kuti usapse. Inunso muli nawo."

"Ifenso?" Chimkono anadzigwira pamimba.

"Tonse. Anu adzuka kalekale."

Chimkono anagwa chagada.

"Ndimadziwa ine," anatero Pulofesa, koma panalibe womuyang'ana.

Apolisi atafika, Mpandamano anapereka yekha manja.

"Bwana, kupolisi tipita, sitikukana. Koma chonde, tidzere kaye kwa abusa."