Njinga Yokhota Yokha Pachigayo

Amene akuti ine Chimphepo ndinagwa pa njinga chifukwa cha ukalamba aimirire ndimuone. Aimirire! Ndimamva zonse zimene inu a kabaza mumanena mukakhala pansi pa mtengo uwu: ati maso anga anatha, ati ndinasinza, ena mpaka akuti ndinalawa kachasu, ine munthu amene kachasu ndimangomumva fungo kwa anzanga. Zimitsani mainjiniwo mumve kwa mwiniwake, ndipo ndikanama lilime ili liume ngati matemba apathandala.

Njinga yanga yakale ija inu munaiona itakalamba, simunaione ili namwali. Tsiku limene ndinalowa nayo pabwalo, akazi anga, malemu mayi a Esinati, anawomba m'manja nati, "Takulandirani, amayi aang'ono," ndipo dzina linakhala lomwelo, moti mwana wathu Esinati anakula akuipatsa moni m'mawa asanandilonjere ine bambo wake. Mtunda umene inayenda musafunse. Wotchi yake ya makilomita inawerenga mpaka manambala anatha, inabwerera pa ziro, inayambiranso, anathanso, inayambiranso, mpaka tsiku lina ndili pa Songani inangotulutsa muvi wake n'kundiikira m'manja ngati munthu wosiya ntchito. Mukumva?

Inu mumanyada kuti chaka chija nyanja inauma munakafika ku chilumba cha Chisi pa njinga. Zachibwana zimenezo, nthawi imeneyo ngakhale nkhuku zinkapita wapansi. Ine ndinkapita ku Chisi madzi ali tho, liwiro lake matayala osapeza mpata wonyowa, fumbi likufuka pamwamba pa madzi, asodzi m'mabwato akutsokomola ndi kunditukwana, matemba odzidzimuka akudumpha n'kudutsa pa utsi wa ekizozi n'kugwera mudengu langa atawambika kale, moti pofika padoko pano ndinkangoyamba kugulitsa. Petulo akasowa m'dziko ndinkangoinunkhitsa chigubu chopanda kanthu, basi, mpaka ku Zomba ndi kubwerako, ikubyula ngati yakhuta. Iwe ukusekawe, seka, mano ndi ako.

Koma zonsezo n'zazing'ono. Chachikulu n'chakuti njinga ija inkadziwa kwawo.

Ine kwathu ndi kutali, kuseri kwa phiri la Chikala, kuno ndinabwera chikamwini. Mudzi wa akazi anga mukuudziwa nonse: ukamachoka pa Kachulu kupita kutauni pali chigayo chija chinafa kalekale, ndiye pomwepo pali kanjira kolowera kumanzere, kuminda ya mpunga. M'mawa ndikatenga nsomba padoko ndinkakhota pamenepo kukawasiyira ndiwo, madzulo pobwera kutauni ndinkakhotanso, zaka ndi zaka, mpaka njinga inazolowera moti mahandulo sindinkawagwira n'komwe. Ndinkatha kufika pachigayo ndikusenda nzimbe ndi manja onse awiri, iyo n'kukhota yokha, kuzemba mbuzi, kuzemba dzenje, n'kukaima pansi pa mango pomwe mayi a Esinati ankapetera mpunga.

Kenako mayi a Esinati anadwala. Matenda ake sanachedwe. Mpunga unali pafupi kucha, ndipo sanaudye. Anyamata, ndinalira. Ine Chimphepo amene ndinazula dzino langa ndi pulayala ndikuimba nyimbo ya kwaya, ndinalira mpaka nyanja inakwera, asodzi anachita kukokera mabwato awo kumtunda, kafunseni achikulire padokopo. Mpaka lero mtima wanga sunabwerere m'malo.

Nthawi itakwana, abale a malemuwo anandikhazika pamphasa n'kundisudzula monga mwa mwambo. Anandithokoza kuti ndinamusunga bwino mlongo wawo, anati tsopano ndine womasuka, nditha kupita kulikonse kumene ndingafune. Sanandichite chipongwe, ayi, mwambo ndi umenewo. Nyumba anaipereka kwa mwana wamkazi wa mng'ono wa malemuwo, poti Esinati amakhala ku Zomba komwe amasoka zovala, ine n'kudzapeza kachipinda ka lendi kuno ku Kachulu. Koma anthu aja analakwitsa chinthu chimodzi. Anasudzula ine, njinga sanaisudzule. Iyo inali panja itatsamira mango, ndipo palibe anatuluka kukaiuza kanthu.

Ndiye nkhondo inayamba. Tikafika pachigayo ine ndikuti kutsogolo, iyo ikuti kumanzere, ine kukoka, iyo kukoka, mahandulo mpaka kupindika ngati nyanga za ng'ombe, matayala akukumba msewu, moti maenje onse mumadandaula nawo pamalo aja ndi a ife awiri. Masiku ambiri ndinkapambana ndine. Masiku ena inkandigonjetsa, ndipo ndinkangozindikira ndaima pabwalo la eni, makumba abwino ali m'manja, mtsikana wa m'nyumbamo akundiyang'ana mwachisoni. Ndinkamupatsa nsombazo, nanga ndikanatani nazo?

Tsiku la ngozi ndinali nditanyamula dengu la matemba lalitali kuposa denga la tchalitchi. Ndinagwira mahandulo mpaka zala kuchita dzanzi, ndinaiuza bwinobwino kuti, "Amayi aang'ono, lero chowongoka," koma titangofika pachigayo inakhota, pamene mukanjiramo munkatuluka ngolo yodzaza matumba a mpunga. Phwaa! Ndinauluka, abale anga, ndinakwera mpaka phiri la Mulanje linali pansi panga ngati chulu, ndinaona anthu a ku Mozambiki akupalira chinangwa, mmodzi mpaka anandiimikira dzanja, akakowa ankandipatukira njira, ndipo ndinakhalitsa m'mwambamo mpaka njala inandigwira n'kuyamba kudya matemba amene ankauluka nane limodzi, otsalawo anagwa ngati mvula m'midzi yonse mpaka ku Chisi, moti ana akumeneko mpaka pano akaona mtambo amatuluka ndi mbale. Mukumva? Ndinatera m'munda wa mpunga, phewa ili linathyoka. Ng'ombe sizinavulale, mwini ngolo nayenso anatuluka bwinobwino.

Koma amayi aang'ono anathyoka pakati. Oyilo ankatuluka ngati magazi, tayala lakutsogolo litapindika, koma nyali inali ikuyakabe, masana dzuwa lili pamutu, italoza kunyumba kuja. Ndinakwawa ndi dzanja limodzi n'kukaifunditsa jekete langa.

Kuchipatala Esinati sanakalipe. Anali atamva kale kwa m'bale wake uja kuti ndimafikafika pabwalo ndi nsomba. Anangokhala m'mphepete mwa bedi n'kunena kuti, "Bambo, basi. Tiyeni muzikakhala kwathu."

Ine kutauni! Munthu wa kunyanja, kukakhala pakhonde la eni kumayang'ana magalimoto akudutsa, kudikira kuti mpongozi aweruke andipatse moni? Ndinakana, ndinakana mpaka bedi linanjenjemera, odwala a mbali zonse anachira ndi mantha n'kumapita kwawo. Munthu ngati ine mukandichotsa pa njinga ndi padoko ili, mwandiika m'manda ndili maso. Mwana uja anaona kuti sindisunthika, anapita, anabweranso patapita masiku.

"Ndapeza ina kwa Che Jafali, makaniko wa pa Songani," anatero. "Ndi yogwiritsidwapo kale ntchito koma ikadali yabwino. Yakaleyo ili kale komweko, tiwasiyira iwowo. Koma tipangane, bambo. Poitenga ndikwera nanu mpaka ku Kachulu. Mukadutsa pachigayo chowongoka, kiyi ndi wanu. Mukakhota, mundipatsa kiyiyo, ndipo mulongedza katundu."

"Si ine ndimakhota," ndinatero.

"N'chifukwa chake tikusintha njinga," anayankha.

Phewa litalumikizana tinakwera minibasi mpaka pa Songani. Njinga inali mushedi ya Che Jafali, yofiira, yonyezimira ngati phwetekere wothiriridwa. Akuti mwini wake anali mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito amene ankangopita nayo kutchalitchi, ndiye wotchi yake inali isanaphunzire n'kuwerenga komwe, injini ikulira mwaulemu ngati mphaka wokhuta. Sindinaikonde. Maso anga anali pakona, pomwe amayi aang'ono anagona zidutswa ziwiri akudikira ogula zitsulo zakutha. Ndinapempha kuti tichotse chishalo chokha tiike pa yatsopanoyo. Esinati anapukusa mutu. "Ngakhale nati imodzi, bambo."

Ndiye ndinamukokera pambali Che Jafali, poti ndi iye wakhala akuichiritsa njingayo chiyambire, ndinati, achimwene, inu ndinu ankhoswe ake, isudzuleni isanapite, isafe ikuganiza kuti ikadali pabanja. Ndinkayembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anapukuta manja pa ovolosi, ananjuta, anaika dzanja pa thanki n'kunena motsitsa kuti, "Mwatumikira, amayi. Tathokoza. Tsopano ndinu omasuka." Pomwepo nyali ija, yopanda batire, yopanda waya, inaphethira kamodzi n'kuzima. Ndinaona ndi maso angawa. Ndinatuluka panja kukamina.

Tinanyamuka. Esinati anakhala kumbuyo chammbali, chitenje atachipinda bwino, dzanja lili paphewa langa. Tinadutsa m'tauni ya Zomba, tinatsetsereka kulowa msewu wafumbi wa kunyanja. Njinga yatsopanoyo inali yomvera mopusa: ukaiuza kumanja, kumanja, ukaiuza ima, yaima, yopanda maganizo akeake, dzenje ikulowamo ngati siikuliona. Mumtima ndinati lero ndapulumuka, iyi sikudziwa kanthu, sinaponde dera lino chibadwire.

Denga la chigayo litaonekera patali, ndinadziwa kuti padoko pano, kachipinda kanga, moyo wanga wonse wotsala, zonse zili kutsogolo kwa chigayocho. Ndinawongola msana, ndinalimbitsa mikono ngati mitengo, maso ndinawaponya kutsogolo kumene nyanja inkanyezimira, kumbali sindinayang'aneko ngakhale pang'ono, ndikulumbira pali Mulungu, ndinkaona nyanja yokhayokha, ndipo ndikuionabe choncho ndinangomva mchenga wa kanjira kaja ukulira pansi pa matayala. Yakhota! Kudula msewu wonse, mwaulemu, mosagwedeza munthu, mpaka indiketa inayaka. Esinati akuti anaona chala changa chikukankha batani la indiketayo. Anaona bwanji atakhala chammbali?

Sanandiuze kuti imani. Anangotsamiritsa chipumi chake pamsana panga, ndipo pofika pansi pa mango malaya anga anali atanyowa. Pachingwe panali zovala za anthu ena. Mtsikana uja anatuluka, anagwada, anatilonjera, n'kundiyalira mphasa ya alendo pakhonde limene ndinamanga ndi manja anga. Manda a mayi a Esinati ali kuseri kwa nsungwi za pafupi pomwepo, ndinangoyang'anako. Kenako Esinati anagwada patsogolo panga n'kutambasula manja onse awiri, monga mayi ake anamuphunzitsira polandira chinthu kwa wamkulu. Ndinazula kiyi, ndinamupatsa. Pobwera kuno tinaikankha.

Tsopano inu anzeru mufunsa kuti njinga yachilendo, yopanda nati imodzi ya yakale, inadziwa bwanji njira. Funso la ana! Kodi ziwirizo sizinakhale mushedi imodzi masiku onse amene ine ndinali kuchipatala? Mukuganiza kuti Che Jafali akatseka chitseko zinkangoyang'anana? Amayi aang'ono anaiuza zonse, chigayo, kanjira, dzenje, mango, anaipatsa ntchito yawo asanamwalire, ndipo pamene tinkabwera kudzawasudzula tinali titachedwa kale. Ndi mmene zinakhalira, wosakhulupirira ndi zake.

Katundu ndalongedza, ndi chikwama chimodzi. Esinati akubwera kudzanditenga Loweruka, ndipo njingayo wati igulitsidwe kwa mmodzi wa inu, n'chifukwa chake kiyi anakusiyirani kuti muziiyesa. Woigulayo ndikumuchenjeza poyera, asadzati sindinanene: pachigayo azigwiritsa, imakhota.

Wati bwanji iwe wa chipewa chofiira? Unaiyesa dzulo? Unapita nayo mpaka kutauni ndi kubwerako, ndipo pachigayo inadutsa chowongoka, osagwedezeka n'komwe?

Nanga ikanakhoteranji ndi iwe? Iweyo unaika ndani kumeneko?