Mmene Ndinagonjetsera Mkamwini Wanga pa Mapu a Kompyuta

Amene akuti ndi bodza aimirire pompano ndimuone nkhope. Palibe? Ndiye khalani chete, inunso a kabaza tsamiritsani njinga zanuzo, chifukwa zimene ndikuuzenizi ndinazichita ndi dzanja ili, lomweli linkaswa miyala pansi pa nthaka ku Joni inu musanabadwe. Ine Ndau wa ku Tsangano sindinanamepo. Mkazi wanga Nachisale ali moyo, kamufunseni.

Mwana wanga Esinati anakwatiwa ndi mnyamata wina dzina lake Kondwani, wa manja osalala ngati a khanda, amene anali ndi kashopu ka makompyuta pa boma pa Ntcheu, kuseri kwa msika, kotayipirako anthu makalata. Mkamwini ameneyu chikwatirire anali asanagwirepo khasu m'munda mwanga. Chaka chimenecho msana unali utayamba kundikana, mizere ya kachewere ili yosaunga, ndiye ndikumva kuti munthuyu akufuna kutenga Esinati ndi adzukulu anga awiri kupita nawo ku Blantyre, ati kumudzi kulibe tsogolo. Nachisale analira masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinavala jekete, ulendo wa pa boma.

Ndinamupeza dzuwa lili paliwombo, maso ali tong'o pa galasi la kompyuta, akusewera nkhondo. Nditamuuza chimene ndabwerera, anaseka.

"Bambo, dziko linasintha. Ngakhale nkhondo masiku ano n'zamutu, si zovina ndi chishango zija ayi."

Mukumva? Kunena zimenezo kwa Mngoni! Ndinati chabwino, ndipatse mpando pa kompyuta inayo timenyane nkhondo yako yamutuyo. Ukandigonjetsa, tenga banja lako uzipita, ndikuperekeza ndekha kudepoti. Ndikakugonjetsa, ana akhala, ndipo iwe Loweruka ubwere ndi khasu. Anavomera anthu asanu akumva.

Masewerawo amayenda chonchi. Aliyense amapatsidwa tianthu tochepa ngati nyerere, uzitilimitsa, uzitimangitsa mudzi ndi kusula mikondo, kenako ukagwetse mudzi wa mnzako. Koma dziko lomenyeranapo makinawo amapanga okha. Ukadina batani amasakaniza mapiri, mitsinje ndi nkhalango ngati mayi akupeta nyemba m'lichero, n'kutulutsa mapu atsopano oti ngakhale mzungu amene anapanga makinawo sanawaonepo, ndipo mapu amodzi sabwera kawiri. Kondwani anati titero kuti ndisadzanene kuti iye njira ankazidziwa kale.

Anadina. Kunatuluka dziko la mtsinje wokwera phiri. Ndinati fufuta, ine sindimenya nkhondo m'dziko la anthu oledzera. Anadinanso, kunatuluka mchenga wokhawokha, popanda poti n'kubzala ngakhale therere. Apo ndinakwiya, ndinawerama n'kuyandikiza pakamwa pagalasipo n'kuwakalipira makinawo m'chilankhulo cha kumgodi, chija akapitawo ankatitukwanira, moti kompyuta inayamba kutuluka thukuta, kutsokomola, kununkha ngati mphira wopserera, ndipo itadinidwa kachitatu, chifukwa cha mantha, inatulutsa Ntcheu yemweyu, kuyambira ku Tsangano mpaka ku Bwanje, msewu wa tala uli apo, Manjawira ali apo, munda wanga uli apo, mbuzi yanga ya tonde ili pachingwe, ndi Nachisale akuyanika ufa pamphasa, ndipo anatukula mutu n'kundiyang'ana ngati akuti musandichititse manyazi. Ndikulumbira pali manda a amayi anga.

Koma makinawo anali ndi tsankho, paja amadya magetsi a mkamwini. Iye anamupatsa chigwa chonse cha Bwanje, mpunga, ng'ombe, akavalo, ndi golide amene ine sindinamvepo kuti kumeneko aliko. Ine anandiponya pamwamba pa miyala ndi tianthu titatu ndi nkhuku imodzi yathadzi. Kondwani anandipatsa kachipangizo kamchira koyendetsera tianthuto, amati mausi, ati ndiye mbewa. Ndinaseka. Mbewa kwa munthu wa ku Ntcheu? Ndinangoigwira pakhosi, inadziwa yokha kuti yakumana ndi mwini wake.

Iye ali kalikiliki kumanga malinga ndi kusonkhanitsa asilikali, ine ndinauza tianthu tanga kuti tizilima. Inde, kulima! Tinaunga mizere, tinathira manyowa, tinabzala kachewere, ndipo tiyi amene anandipatsa asanazizire mbatatayo inali itakula ngati chulu, galasi la kompyuta linatupa ngati mimba ya mbuzi ya bere, tebulo linayamba kulira miyendo, mpaka munthu wina anathamanga kukatenga njerwa zochirikizira. Mukumva inu aphunzitsi? Musagwedeze mutu, simunalipo.

Kenako asilikali ake ananyamuka ku Bwanje, ochuluka moti oyamba akufika pa boma omaliza anali akumangabe nsapato kwawo. Anayamba kukwera mtunda. Koma anthu a kotentha, malaya opyapyala! Ine ndinangodikira afike pa mpata uja ndinkadyetsapo ng'ombe ndili mwana, ndiye ndinatsekula chisanu cha kwathu cha mwezi wa Juni, chija chimaumitsa madzi mumtsuko, akavalo anayamba chifuwa, asilikali mano ali gwedegwede mpaka mikondo kugwa m'manja, chisanucho chinatulukira m'timabowo ta kompyuta n'kudzaza shopu yonse, mayi wina amene ankadikira kalata yake anafunda chitenje chachiwiri, ndipo pamenepo ndinalamula tianthu tanga titatu kuti tigubuduze mbatata. Abale inu! Mbatata imodzi inkasesa asilikali ngati tsache. Ina inaphonya, inaboola galasi, inadutsa pakati pa miyendo yanga, n'kutuluka pakhomo, ndipo wachipisi wina pamsikapo anaikazinga sabata yathunthu osaimaliza.

Kondwani ataona kuti zavuta anachita zachinyengo. Nkhondo ili mkati, anadina batani lija kuti mapu asinthe. Sanadziwe kuti makinawo anali atagwira Ntcheu weniweni. Pansi panagwedezeka. Nditasuzumira pakhomo ndinaona phiri likusuntha ngati ng'ombe yodzuka, msika wapita pamene panali chipatala, chipatala chabwera pamsika, odwala ali pamzere kutsogolo kwa mayi wogulitsa tomato, minibasi yopita ku Lilongwe inafika pa Manjawira katatu kondakitala mpaka kulira, mpunga wa ku Bwanje uli pamwamba pa phiri ukunjenjemera, ndipo pagalasi ndinaona munda wanga, munda umene anandisiyira amayi, ukutsetsereka kulowera ku Mozambique, Nachisale ali pomwepo atagwira mphasa yake ya ufa.

Apo ndiye ndinachita mantha, sindibisa. Kuluza masewera ndi nkhani ina, koma mkazi ndi munda kupita kunja popanda pasipoti! Ndinaponda pansi, ndinakola ngodya ya mundawo ndi mbewa ija n'kukoka, msana womwe unkandikana uja unalira ngati chitseko, koma ndinakoka, munda unabwerera, ndinabweza phiri, ndinabweza msika, ndinatsitsa mpunga, mtsinje uliwonse ndinaugoneka m'khwawa mwake ndi dzanja limodzi, linalo ndikumwera tiyi. Pamodzi pokha ndi pamene ndinafulumira. Kona ija imakuvutani mukangodutsa pa Manjawira, kale panali powongoka. Ndine ndinapinda, ndipo ndikupepesa.

Pobwerera ku nkhondo ndinapeza ntchito yatha kale. Nkhuku yanga ija inali itatsika yokha mpaka ku Bwanje, yalowa mumpanda wa mkamwini, yakwera pampando wa mfumu yake n'kuikira dzira. Kondwani anangogwira kumutu.

Loweruka anabwera ndi khasu latsopano, la mtengo wosasalaza. Pofika masana manja onse anali matuza, ndipo ndinamumvera chisoni, ndinamuonetsa kagwiridwe kake. Lero amaunga mzere wowongoka kuposa wanga. Ku Blantyre sanapite. Adzukulu anga akukulira pakhomo panga, Nachisale anasiya kulira. Ena amati ndi Esinati amene anakana kusamuka, ati anamuuza mwamuna wake kuti sangasiye makolo okalamba. Mwina ananenadi, mwana wanga ndi wolimba mtima. Koma khasu linabwera chifukwa cha ine.

Mukufuna umboni? Pitani mukadine batanilo mpaka chala chitupe, mapu amenewo simudzawaonanso. Kondwaniyo mukamufunsa akuuzani zina. Amati tsiku limenelo anaiwala kulumikiza chingwe cha mbewa yanga, ati tianthu tanga ankatiyendetsa ndi makina okha, ine ndinkangokhwekhwereza kanthu kakufa patebulo. Chabwino, n'zoona, mchira wake ndinauona ukulendewera pansi pa tebulo, sindikana. Ndiye mundiuze inuyo: munthu wogonjetsa gulu lonse la nkhondo ndi mbewa yakufa, akanamupatsa yamoyo bwenzi Ntcheu alipo lero?