Dzanja la a Elifasi

Ku Nambuma konse kunalibe munthu woopa moni wa m'manja ngati malemu a Elifasi, mkulu wa mpingo.

Zinayamba tsiku limene adokotala anawauza kuti nyamakazi imene inapinda zala zawo, pamodzi ndi mapiritsi amene anamwa zaka zambiri, zafooketsa mafupa awo. "Muziyenda, muziothera dzuwa, muzidya usipa ndi minga yomwe, koma musagwe." A Elifasi anangomva mawu omalizawo. Pobwerera anakana kabaza, n'kuyenda ngati munthu wosenza mazira m'lichero.

Akazi awo, a Benedeta, poyamba anaseka. Kenako anakumbukira a Magdalena a ku Chiwamba, a nyamakazinso, amene anaterereka pa mjigo, n'kuthyoka m'chiuno, osadzukanso. Kuseka kunathera pompo. Abambo akangoyetsemula, mayiwo mtima unkaima, makutu ali tcheru.

Vuto linali Lamlungu. Mkulu wa mpingo amaima pakhomo kupereka moni, ndipo alimi a fodya amagwira dzanja la munthu ngati mpini wa khasu.

"Mwadzuka bwanji, a Elifasi?"

"Imani pomwepo, a Mateyu. Ndakumvani."

"Kodi ndakulakwirani?"

"Simunandilakwire ayi. Ndikufuna zikhale choncho."

Nkhani inafika kwa akulu a mpingo, amene anasankha komiti yofufuza ngati kubisa dzanja m'thumba kuli kunyada. Komitiyo inakumana, inadya, inakumananso, n'kugamula kuti a Elifasi azipereka moni powomba m'manja. Panalibe ndi mmodzi yemwe anayang'ana zala zopindikazo. A Elifasi anathokoza chigamulocho, manja ali m'thumba.

Chinawatenga ndi chibayo, mafupa ali athunthu. Tsiku lomaliza, a Benedeta atakhala pambali pa bedi, anaona dzanja likutuluka m'bulangete.

"Tagwirani, amake Takondwa."

"Ndikuthyolani, abambo."

"Finyani. Ndikulisungira ndani?"

Anafinya, akudikira kumva kuti thyo. Sipanamveke kanthu.

"Eti," anatero a Elifasi, akuyang'ana dzanjalo. "Zaka zonsezi."

Masiku ano pakhomo pa tchalitchi anthu amagwedezana manja mmene afunira, wowaimitsa palibe, ndipo mzere umatha msanga kuposa kale. Koma a Mateyu akafika pa a Benedeta amangokhudza nsonga za zala, mwaulemu, ngati akupepesa. Mayiwo ndi amene amafinya.